Mawu Amene Shogendo Anaiwala

Aseneka onse, eni nthaka a m'chigwa cha Jenesi ku Amereka, ankadziwa kuti Shogendo saiwala mawu. Munthu ankatha kulankhula pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, mawa lake Shogendo n'kuimirira ndi kubwereza zonse m'ndondomeko yake, osadumpha ngakhale pamene wolankhulayo anapepesa chifukwa cha chifuwa. Imeneyo ndiyo inali ntchito yake kwa zaka makumi awiri ndi mphambu. Pa bwalo la mitundu, mlendo akalankhula simumuyankha pomwepo ngati mukulimbirana mbale. Mawu ake mumagona nawo, ndipo musanayankhe mumamubwezera kaye onse, kuti adziwe kuti analowa m'khutu bwinobwino. Mawu akabwerezedwa chotero, lamba wa mikanda ali m'manja, ndiye kuti amangika.

Chaka chimenecho, masamba atayamba kufiira, boma latsopano la Amereka linatuma munthu wake kudzakamba za mtendere pa mphambano ya mitsinje iwiri. Musaganize kuti chinali chifundo. Nkhondo ya Amereka ndi Angelezi inali itatha kale, Angelezi n'kukasaina mapepala awo kutsidya la nyanja osatchulamo n'komwe Aseneka amene anawafera. Chimene chinautsa boma pampando chinali china. Chilimwe chomwecho azungu atatu apachibale anapha mnyamata wa Chiseneka pa sitolo ina m'mbali mwa kamtsinje, kumene anapita kukagulitsa zikopa za agwape. Anamupha dzuwa likuswa mtengo, ataledzera, n'kumakadzitama nazo komwera mowa. Anyamata a m'midzi anayamba kunola nkhwangwa, ndipo boma linaona kuti likazengereza, malire onse ayaka.

Wophedwayo anali mwana wa Shogendo. Dzina lake sitilitchula, poti dzina la womwalira limasungidwa kufikira eni ake atalipereka kwa wina.

Komabe pamwambo maliro sanali a Shogendo. Mwana ndi wa kuchikazi. Mkazi wake Yenisho anali wa fuko la Kamba, choncho anamfedwa anali a Kamba. Shogendo anali wa fuko la Kakowa, ndipo pa maliro a Kamba, a Kakowa ndiwo adzukulu: amakumba, amanyamula, amatonthoza. Tsiku loika maliro, iye ndi amene anaimirira n'kuuza mkazi wake ndi alamu ake kuti apukute misozi, dzuwa lidzatulukanso. Anthu anati analankhula bwino zedi. Palibe amene anafunsa kuti nanga iyeyo amupukuta ndani, ndipo naye sanadandaule, chifukwa ndi mmene zinthu zimayendera.

Mtumiki wa boma uja dzina lake anali Elihu Stanforth, mzungu wamtali, waulemu, wa mawu ofewa. Pofika tsiku lachiwiri amayi anali atamutcha kale Wawotchi, chifukwa sankatha kumva munthu akulankhula osapisa dzanja m'thumba kuona nthawi. Sanali wopusa ayi. Anali atafunsira ndithu, ndipo anamuuza kuti Aseneka sakamba za malo kapena za msewu maso ali ndi misozi. Uyambe wapepesa maliro, ukwirire manda, ndiye nkhani zina zibwere. Mwambowo anauphunzira ngati mmene wakuba amaphunzirira potsegulira chitseko cha eni.

Choncho tsiku lachitatu, moto wa bwalo utayatsidwa, anaimirira ndi zingwe zitatu za mikanda yoyera. Ndi choyamba anapukuta misozi ya a Kamba, ndi chachiwiri anawatsegula makutu, ndi chachitatu anawachotsa chotsamwa pakhosi. Zonsezi ankaziwerenga papepala, ndipo womasulira wake, Eben Lathrop, ankazitembenuza. Ebenyu anthu ankamudziwa. Anagwidwa pa nkhondo ina yakale ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, analeredwa ndi mlongo wake wa Shogendo m'nyumba ya Kakowa, ndipo nkhondo ya Amereka ndi Angelezi itatha anabwerera kwa azungu anzake ali ndi ndevu kale.

Kenaka Wawotchi ananyamula lamba wamkulu, wa mikanda yofiirira yokhala ndi mizere yoyera. Anati akuzula nkhwangwa m'mutu mwa womwalira, akuikwirira pansi pa mtengo wa paini kumene mtsinje wapansi udzaikokolole. Aliyense pabwalo ankadikira chinthu chimodzi. A Kamba anali atanena kale kuti lamba ameneyo alandira pokhapokha akamva za opha aja. Kulandira lamba wotere si masewera. Ukamulandira, manda akwiririka, nkhani yatha, ndipo woidzutsanso ndi munthu wopanda mwambo.

Mzunguyo anakweza mawu, Eben n'kutsatira pambuyo.

"Abale, amuna atatu amene anachita zimenezi ali m'maunyolo. Ndawaona ndi maso anga. Chipale chisanagwe adzapachikidwa."

Bwalo lonse linavomera ndi mfuu yake ija ya "Yoha", fuko ndi fuko. Yankho linali la mawa. Shogendo anamva mtima wake ukukhala pansi koyamba chichokere chilimwe, ndipo anachita manyazi pang'ono poona kuti imfa ya anthu atatu ingamukondweretse chotero.

Masana omwewo anatsikira kumtsinje, monga ankachitira nthawi zonse, kukayala mawu. Ankayenda pamchenga akung'ung'udza, chigawo chilichonse cha zolankhula n'kuchiika pa chala chake, n'kubwerera, n'kuyambiranso. Anali pa chala chachisanu ndi chiwiri pamene anamva nsapato zikuphwanya timiyala kumbuyo kwake.

"Atsibweni, mukadali kutafuna mawu?"

"Ndikutafuna amene wandiphikira iwe," anatero Shogendo osacheuka. "Mchere wachepa. Chilankhulo cha amayi ako wayamba kuchiyenda ngati wavala nsapato za eni. Kodi zimenezo sizikuluma?"

Masiku ena Eben akanabweza chipongwecho, poti pakamwa pake panali pakuthwa kuyambira ali mwana. Tsiku limeneli anangoima, chipewa chili m'manja, akuchipinda m'mphepete. Kenaka anayamba kufotokoza, maso ali pamadzi. Mlandu unazengedwa kale, mwezi wathawo. Anthu khumi ndi awiri anakhala pansi kuti aweruze, onse oyandikana nyumba ndi opha aja, ena omwa nawo mowa. Sanachedwe n'komwe. Anati palibe mlandu, ndipo awiri mwa opha aja anthu anawanyamula pamapewa potuluka. Wachitatu sanamugwire n'komwe, ali pakhomo pake akukolola. Kalata yonena zonsezi inamupeza Wawotchi panjira masiku khumi apitawo. Anaiwerenga, anaitsekera m'bokosi, n'kuuza Eben kuti nkhani imeneyi idzamveke anthu atabalalika.

Shogendo anaona zala zake zili chitambasulire, mawu a mzungu akadali pamenepo. Anafuna kuzipukuta pa chovala.

"Wati anawaona ndi maso ake."

"Sanafikeko n'komwe kumeneko, atsibweni."

"Ndipo iwe unadziwa. Unaimirira pamaso pa mayi wa mwanayo, amene ankakupatsa chimanga chokazinga ukulirira kwanu, n'kunena zimenezo m'chilankhulo chathu."

"Ine ndimangonyamula mawu, atsibweni. Monga inu."

Akanakhala wina, Shogendo akanamumenya. Koma mawuwo anamulasa pamalo pake, chifukwa mpamene anakumbukira kuti mawa, dzuwa lili pamutu, woti anene bodza limenelo pamaso pa bwalo lonse, lamba ali m'manja, ndi iyeyo. Mzungu analinena kwa alendo. Eben analinena chifukwa cha ntchito. Iye ankayenera kulinena pamwamba pa manda a mwana wake, ndipo pakamwa pake mpamene likamangikire.

M'mawa kutacha anaitana mlamu wake Tyogwane, mkulu wa a Kamba, ku msasa wa makungwa kumene iye ndi Yenisho ankagona. Yenisho anali akusenda nyemba, tsitsi lake likadali losapesa chifukwa cha maliro. Shogendo anawafotokozera zonse monga anazimvera, osawonjezera, poti kuwonjezera sankadziwa. Ankayembekeza kuti Tyogwane adzambatuka n'kuitanitsa mfuti. Munthuyo anangotulutsa kaliwo wake n'kuyamba kutsindiramo fodya ndi chala.

"Alamu, inu mumayesa kuti ine ndinakhulupirira? Chibadwire changa sindinamvepo mzungu atapachikidwa chifukwa cha mmodzi wa ife."

"Ndiye munkavomera chiyani dzulo?"

"Ndinkavomera kuti anena pagulu. Anyamata amva. Nkhwangwa azibweza kudenga."

Ndiyeno Tyogwane anayamba kumukumbutsa zimene Shogendo sanafune kukumbutsidwa, ngati kuti iye kunalibe. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo asilikali a Amereka anadutsa m'dziko lonse la Aseneka akutentha. Midzi makumi anayi inasanduka phulusa, chimanga anachithira mumtsinje, ndipo ngakhale mitengo ya zipatso anaidula, mitengo imene sinagwirepo mfuti. Anthu anathawira ku linga la Angelezi n'kukafera kunja kwa mpanda ndi njala ndi kuzizira. Tsopano midzi yamangidwanso, nkhokwe zayamba kudzaza. Lamba akabwezedwa lero, anyamata anyamuka mawa, akapha banja limodzi la azungu limene mwina silidziwa kanthu, ndipo chaka chamawa asilikali abweranso. Anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya imeneyi waganiza zoilandira iyeyo m'malo mwa ana.

Zonsezo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake Shogendo anapsa mtima koposa.

"Ndiye mwana wanga timukwirire ndi bodza?"

Tyogwane anachotsa kaliwo pakamwa, n'kumuyang'ana mwaulemu ndithu.

"Mwana wathu, alamu."

Shogendo ndi amene anamuphunzitsa mwanayo kukoka uta, ndi amene anamubereka kumsana pothawa moto uja, koma pa nkhani ya magazi ake analibe liwu. Mwini liwu anali mayi uja amene anali asanasiye kusenda nyemba. Amuna awiriwo anamuyang'ana, n'kudikira.

"Ndinabereka asanu," anatero Yenisho. "Awiri ndinawasiya kulinga chaka cha njala. Uyu ndi wachitatu. Atsala awiri, ndipo wamng'onoyo ndi amene akunola nkhwangwa kuposa anzake. Lamba ndilandira."

"Mayi, munthu uja wakunamizani m'maso muli gwa."

"Ndamva, bambo. Makutu ananditsegula dzulo."

Shogendo anapempha chimodzi chokha, kuti wina aimirire m'malo mwake. Tyogwane anakana. Anati kwa zaka makumi awiri palibe bwalo limene Shogendo anakhala pansi, ndipo akakhala pansi lero aliyense afunsa chifukwa, dzuwa lisanapendeke anyamata adzakhala atadziwa. Anamusiya ndi mawu akuti ntchito yake ndi kubweza zimene wamva, osati kuziweruza.

Shogendo anatuluka ali ndi mkwiyo wosowa pouika. Anakwiyira mzungu, anakwiyira mlamu wake chifukwa cha nzeru zakezo, anakwiyira ngakhale mkazi wake, zimene zinamuchititsa manyazi. Akuyenda pakati pa misasa, pamene anthu ankaphika nyama ya ng'ombe imene boma linawagawira, ganizo linamubwerera, ndipo analiona ngati labwino kwambiri. Pamwambo, wobwereza akapunthwa, mwini mawu amayenera kuwanenanso yekha. Tsono iye pa zaka zake zonse anali ataona abodza ambiri pabwalo, Aseneka anzake, Akayuga, ngakhale a mitundu yakumadzulo. Bodza munthu amalinena kamodzi, mothamanga. Ukamuuza kuti alinenenso, lamba ali m'manja, moto uli pakati, anthu mazana akumuyang'ana, lilime limalemera. Amatsokomola, amasintha liwu, "ndawaona" amasanduka "ndamva". Wawotchi akangosintha liwu limodzi, bwalo lonse limva lokha, ndipo Shogendo adzakhala asanaswe pangano la a Kamba kapena kunena bodza. Mtengo wake unali dzina lake, poti anthu adzati Shogendo waiwala. Anaona kuti mwana wake ndi woposa dzina.

Dzuwa lili pamutu bwalo linadzaza. Azungu anakhala pa mabenchi awo, akuluakulu a mafuko pansi moyang'anana nawo, amayi kumbuyo, anyamata ataimirira m'mphepete manja atapinda. Shogendo anatenga zingwe zitatu zija n'kuyamba, akuyenda uku ndi uku mwa kayendedwe ka olankhula, mawu ake akukwera ndi kutsika ngati nyimbo. Anabweza za misozi, za makutu, za pakhosi. Anabweza moni wa akuluakulu a boma, ndi kudandaula kwa mlendo za msewu woipa. Eben ankatembenuzira m'Chingelezi, ndipo Wawotchi ankatsatira ndi chala papepala lake, akugwedeza mutu modabwa, poti liwu ndi liwu zinkagwirizana. Shogendo ananyamula lamba wamkulu, anazula nkhwangwa, anaikwirira pansi pa paini. Kenaka anaima.

"M'bale, apa ndaiwala. Unati chiyani za amuna atatu aja?"

Phokoso linayenda m'bwalo ngati mphepo m'munda wa chimanga chouma. Ena anayesa kuti sanamve bwino. Eben anayera nkhope, koma anamasulira. Shogendo anayenda mpaka pabenchi, n'kuika mbali imodzi ya lamba m'dzanja la mzunguyo, ina ali chigwirire, kuti anene atagwira.

Wawotchi anamwetulira mwachifundo. Anaimirira, anapeza malo ake papepala, n'kuwerenga. Amuna atatu ali m'maunyolo, wawaona ndi maso ake, chipale chisanagwe adzapachikidwa. Sanatsokomole. Mbali ya lamba imene anagwira sinanjenjemere n'komwe.

Shogendo anadikira kuti Eben amalize. Anaganiza kuti mwina pepala lamutchinga, sanaone anthu.

"M'bale, makutu anga akalamba. Nenanso, ukundiyang'ana."

Mzunguyo anatsitsa pepala. Mawuwo anali atawaloweza tsopano. Anamuyang'ana Shogendo m'maso, maso ake otuwa ali phee ngati a munthu wopatsa moni, n'kunena pang'onopang'ono, akupumira kuti womasulira asavutike. Liwu ndi liwu, chimodzimodzi.

Kumbuyo kwa anyamata wina anaseka, n'kunong'oneza mnzake kuti mkuluyu nyama ya ng'ombe yamutseka mutu. Amayi ena anagwira pakamwa ndi chisoni, akuti imfa ya mwana yamudya nzeru. Koma Shogendo anaona kuti si onse ankaseka. Mwana wake wamng'ono uja, wonola nkhwangwa, anali atasiya kuyang'ana mzungu, akuyang'ana bambo ake. Iye ankawadziwa bambo akewo, ndipo ankadziwa kuti saiwala. Tyogwane naye anali ataona zomwezo, kaliwo atazima m'manja.

Apa munthu wanzeru akanaleka. Shogendo sanathe kuleka, chifukwa sanakhulupirire zimene ankaona. Anafunsa kachitatu.

Ndipo Wawotchi, munthu waulemu uja, anachita chinthu chimene Shogendo sanamukhululukire mpaka imfa. Anasiya pepala pabenchi, anasendera pafupi, n'kuika dzanja paphewa pake ngati mmene umagwirira nkhalamba yosochera pamsika. Anauza Eben kuti amuuze mkuluyu asachite manyazi, ukalamba umafikira aliyense. Kenaka ananena mokweza, ngati akulankhula ndi gonthi, kuti ali m'maunyolo, wawaona ndi maso ake, adzapachikidwa. Anawonjezera kuti akulumbira pa ulemu wake. Sankadziwa n'komwe kuti phewa limene wagwiralo ndi la bambo wa wophedwayo. Sanafunsepo, poti anamuuza kuti anamfedwa ndi a Kamba, ndipo mikanda ya a Kamba anali atapereka kale.

Mpamene Shogendo anazindikira kulakwa kwake. Iye ankayesa kuti mawu amakhala mwa munthu, ndipo akakhala oola amamununkhira mwini wake poyamba. Kwa mlendoyu mawu anali chida chogwirira ntchito, monga fosholo. Anatumidwa kudzakwirira manda, ndipo akanakwirira kakhumi ngati akanapemphedwa kakhumi, n'kukagona tulo tabwino poganiza kuti wapulumutsa anthu ku nkhondo. Mwinanso n'zoona kuti ankawapulumutsa. Zimenezo sizinachepetse kuipidwa kwa Shogendo.

Dzanja lija linachoka paphewa. Bwalo linadikira. Panatsala njira ziwiri zokha, kunena bodzalo kapena kunena zimene Eben anamuuza kumtsinje, ndipo zonse ziwiri zinali pakamwa pake, zokonzeka, liwu ndi liwu. Anayang'ana mwana wake wamng'ono, amene tsopano anali atasendera kutsogolo kwa anzake. Anayang'ana lamba. Sanadziwe kuti waima nthawi yaitali bwanji, koma anamva khwangwala akulira kutsidya kwa mtsinje, ndipo anaona dzanja la mzungu likulowera kuthumba la wotchi. Anatsegula pakamwa kuti afunsenso, chifukwa china chilichonse chinali chomukanika.

Mawu anachokera kumbuyo, kumene kunakhala amayi. Mwambo umalola kuti wolankhula akasowa, wina wa kumbuyo kwake amukumbutse, koma kawirikawiri amachita ndi amuna anzake, monong'ona. Awa sanali onong'ona.

"Amuna atatu amene anachita zimenezi ali m'maunyolo."

Anali Yenisho. Sanaimirire. Anakhala momwemo, tsitsi lili nyankhalala, manja ali pamiyendo, akuyang'ana msana wa mwamuna wake. Mawu ake anali osalala ngati akuwerengera ana oti adye.

"Wawaona ndi maso ake. Chipale chisanagwe adzapachikidwa. Nenani, bambo."

Shogendo sanacheuke, chifukwa akanacheuka sakanatha. Mayi wa mwana anali atalinyamula bodzalo ndi pakamwa pake, pamaso pa anthu onse, ndipo kulisiya pamenepo kukanakhala kumusiya yekha nalo. Anakweza lamba ndi manja awiri. Ananena mawuwo onse, momveka, mwa kayimbidwe kake ka masiku onse, osasiya liwu ndi limodzi lomwe. Kenaka anapereka yankho la a Kamba, kuti amva, misozi yauma, lamba alandira.

Mfuu ya "Yoha" inazungulira fuko ndi fuko. Mwana wamng'ono uja anayang'ana amayi ake nthawi yaitali, kenaka mapewa ake anatsika, n'kubwerera pakati pa anzake. Ngati mayi wanena yekha, ndani angakayike? Tyogwane anatenga lamba n'kukamuika m'manja mwa mlongo wake. Manda anakwiririka.

Wawotchi anakondwa kwabasi. Anauza Eben kuti ayamikire mayi wanzeruyo, ndipo analamula kuti mkulu woiwalayo apatsidwe bulangete lofiira kuwonjezera pa la aliyense. Fodya wa mtendere asanazime n'komwe, anthu ake anali atabweretsa kale tebulo, akuyalapo mapu n'kutsamiza ngodya zake ndi miyala. Anati popeza mitima yayera tsopano, pali kankhani kakang'ono ka msewu ndi ka malo a kum'mawa kwa mtsinje.

Shogendo sanakhalire nawo zimenezo. Wolankhula wina, wachinyamata, anali atasendera kale pamalo pake, ndipo palibe amene anamuletsa. Anthu anamupatukira njira mwaulemu umene amapatsa odwala. Bulangete lija analisiya pomwe analiika.

Yenisho anamupeza panjira ya kumisasa. Anayenda limodzi, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo, lamba atamukulunga m'chikopa n'kumupanira m'khwapa. Za mwanayo sakanathanso kukamba, ngakhale awiriwiri, ngakhale m'nyumba mwawo. Shogendo anali akadali ndi mkwiyo, ndipo anafuna kuti mkaziyo audziwe. Atafika pamene njira imapatukira kumtsinje anaima.

"Munaopa kuti ndiulula."

"Ayi," anatero Yenisho. "Ndinadziwa kuti simuulula. Mwana munamuona, inenso ndinamuona."

"Nanga munalankhuliranji? Mukanandisiya."

Mkaziyo anasuntha lamba kumuika m'khwapa lina, ngati wayamba kale kumulemera.

"Mukanamufunsanso, bambo. Ndipo iye uja akananenanso. Katatu ndapirira lero. Kachinayi sindikanatha kumumva."